Dzimbiri, Ciswe ca Galimoto

Lero tikambirana za kutsuka galimoto, kuipaka phula ndi kuichinjiriza ku dzimbiri, nchito zimene mwini wace angathe kuzigwira yekha pa khomo pace wopanda kulipira munthu. Ndidzanena makamaka za galimoto yoyenda m'miseu ya kwathu ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, pakuti ndiko kumene ambiri a inu mupita nayo pa chuthi, ndiponso ndiko kumene idzakalambira inu mutaleka nchito.

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, Acewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique asonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Munthu akaima m'mbali mwa mseu masiku amenewo aona magalimoto osawerengeka, ena ocokera ku migodi, ulendo wa makilomita oposa 800. Eni ace asanalowe m'mudzi ayamba aima pa mtsinje, napukuta pfumbi lonse, kuti abale aone kuti mwana wao sanapite ku Walale kukasewera. Ine sinditsutsa zimenezi, pakuti galimoto yowala ikondweretsa mtima, ndipo inenso ndicita comweco. Koma mwa anthu onsewo sindinaonepo ndi mmodzi yemwe wogwada pansi ndi kusuzumira kunsi kwa galimoto yace, kumene kukali matope a dzinja lapita.

Mlamu wanga wina anagwira nchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo pobwerera kwao anagula galimoto yonyamula katundu, yogwirapo kale nchito kunja kwa dziko lino, yoyera mbee. Lamulungu liri lonse, atacoka ku mapemphero, ankaipukuta kufikira munthu nkumadziona nkhope pa citseko. M'kati mwa sabata inkanyamula feteleza, cimanga, mbuzi ndi nkhumba. Litatha dzinja lacinai anapita nayo kwa makanika cifukwa ca kaphokoso kena ka kumbuyo. Makanikayo analowa pansi, nabaya shasi ndi sikuludiraiva, ndipo sikuludiraivayo analowa monga ulowera mpeni m'dzungu lophika. Injini inali yamoyo, penti anali wowala, koma msana wa galimoto unali utatha. Akulu akale sananame ponena kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

KODI DZIMBIRI NCIANI?

Citsulo cicokera m'mwala wofiira wa m'nthaka. Anthu ausungunula mwalawo m'ng'anjo ndi moto waukulu, monga ankacitira makolo athu posula makasu, ndipo motowo ulekanitsa citsulo ndi mpweya wa okosijeni umene unagwirana naco. Tsono citsulo masiku onse cifuna kubwerera kumene cinacokera. Cikakomana ndi madzi ndi mpweya pa nthawi imodzi, cigwirananso ndi okosijeni uja, nicisanduka dothi lofiira monga kale. Dothi limenelo ndilo dzimbiri. Citsulo couma cikhoza kukhala pa mpweya zaka zambiri osaonongeka kweni-kweni. Cimene ciononga ndi cinyezi cokhalitsa.

Inu a m'migodi mudziwa kuti mkuwa ukakhalitsa panja ubiriwira, koma kubiriwirako kumatirira pamwamba ndi kusunga mkuwa wa m'kati. Dzimbiri la citsulo siliri tero ai. Litupa koposa citsulo cimene ladya, ling'ambika, lisupuka, ndipo lisunga madzi monga siponji, kotero kuti citsulo ca pansi pace ciyambanso kudyeka. Cifukwa cace mukaona kathuza pa penti, kakang'ono ngati nyemba, dziwani kuti bala la m'kati ndi lalikulu koposa limene muli kuliona. Licita monga ciswe cidyera nsici ya nyumba, kutha mtima wonse ndi kusiya khungwa. Kumbukiraninso kuti citsulo ca thupi la galimoto za masiku ano ndi copyapyala, kawiri-kawiri sicifika milimita imodzi, ndipo penti yense wa pamwamba pace, kuwerenga miyalo yace yonse, acindikala monga pepala limodzi kapena awiri a m'buku. Cuma canu ca zaka zambiri cibisala kuseri kwa kanthu kotere.

Opanga magalimoto adziwa zimenezi, ndipo ambiri akuta citsulo ndi zinki asanacipake penti. Zinki ndiye uja wotuwa wa pa malata a nyumba, amene ankakumbidwa ku Kabwe kufikira mgodi wace unatsekedwa mu 1994. Ubwino wace ndi wakuti adyeka iye m'malo mwa citsulo. Koma nayenso atha, monga aonekera pa malata akale, ndipo pamene galimoto inagundidwa, niwongoledwa ndi nyundo ndi kuocherera, zinki uja anapsa kale.

Akulu-akulu akumbukira Land Rover zakale za aboma ndi za amishoni. Yoyamba inaturuka ku England mu 1948, caka comwe cipatala ca St Francis cinayamba ku Katete, ndipo popeza citsulo cinali cosowa itatha nkhondo, thupi lace analipanga ndi aluminiyamu amene sacita dzimbiri lofiira. Koma shasi yace inali ya citsulo. Ndi cifukwa cace zambiri mwa izo zinafa thupi likali bwino-bwino, msana utaduka pansi.

MCERE KU DZIKO LOPANDA NYANJA

Wina adzati, "Dzimbiri ndi nthenda ya ku nyanja ya mcere, ku Beira ndi ku Dar es Salaam, ife a kumtunda tiopanji?" Nzoona kuti madzi a mcere afulumiza dzimbiri koposa madzi a mvula, ndipo nzoonanso kuti cirimwe cathu cacitali citithandiza kwambiri. Koma mcere uli ndi njira zace zofikira ku Katete.

Wina udza ndi galimoto yomwe. Magalimoto ambiri amene tigula anayenda kale ku Japan kapena ku Britain. M'madera ozizira a maiko amenewo athira mcere m'miseu pa nyengo ya cisanu, kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcere umenewo ulowa m'mphako zonse za pansi pa galimoto. Pambuyo pace galimotoyo ikhala masabata pa nyanja ndi pa doko, isanayambe ulendo wa ku Nakonde. Ikafika kuno aitsuka bwino, naiika pa malonda iri ng'ani-ng'ani. Tsono musanapereke ndalama zanu, yalani thumba pansi, gonani ndi toci m'manja, ndi kuona shasi, mapaipi a mabuleki ndi pansi pa zitseko. Mukapeza kunsi konse kwapakidwa penti wakuda watsopano, funsani cimene cabisika kuseri kwace. Wogulitsa akakwiya ndi funsolo, wakuyankhani kale.

Koma mcere woopsa koposa tiunyamula tokha, ndiwo feteleza. Feteleza ali ndi micere ya mitundu-mitundu m'kati mwace, ndipo akoka cinyezi ca mu mpweya. Mlimi ali yense waona cimene cicitika khasu likagona pa thumba la Compound D lotseguka. M'mwezi wa Novembala ndi Disembala galimoto iri yonse ya kwathu isanduka ngolo, ngakhale Corolla yaing'ono, ndipo timibulu togwa m'thumba long'ambika tilowa m'ngodya za buti, pansi pa tayala lapadera, ndi m'mipata ya malata a kumbuyo. Pamenepo tisungunuka ndi mvula yoyamba, nitiyamba nchito yace usana ndi usiku. Yalani pulasitiki yocindikala musanakweze matumba, ndipo tsiku lomwelo mutatsitsa, sesani ndi kutsuka ndi madzi ambiri. Musadikire Loweruka.

Mkodzo wa mbuzi ndi wa nkhumba ucita comweco, ndi madzi a nsomba za mcere, ndi asidi wodontha ku batire. Pa batire pokha pali mankhwala apafupi: sungunulani soda wophikira m'madzi, thirani pa kacitsulo kamene batire ikhalapo, batireyo mutaicotsa, ndipo thobvu likaleka tsukani ndi kuumitsa. A ku Mufulira sindifunika kuwauza za utsi wa ku ng'anjo umene ankaucha senta, ndi momwe unkadyera malata a nyumba za ku Kankoyo. Cimene cidya malata a nyumba sicilekerera galimoto.

Tsono pali matope. Mukangopatuka pa Great East Road kulowa ku midzi m'nyengo ya dzinja, katondo wofiira ndi makande a m'madambo, osanganizika ndi ndowe za ng'ombe, amatirira m'madigadi, pamwamba pa thanki ya mafuta, ndi m'kati mwa shasi. Kunja kwace matopewo auma msanga, koma m'kati akhala onyowa masabata ambiri mvula italeka, ali cigwirire citsulo. Miyala ya pa mseu nayo igamula penti ndi kutsegulira cinyezi khomo. Matope amenewa ndiwo anapha galimoto ya mlamu wanga, pamodzi ndi feteleza uja.

KUTSUKA

Cifukwa ca zonsezi ine nditi kutsuka galimoto kuyambire pansi, kumene anthu saona. Muli ndi paipi ya madzi, lowetsani m'madigadi ndi m'ziboo za shasi kufikira madzi oturuka ayera. Mulibe paipi, ndowa ndi botolo lapulasitiki loboola pa citsekero zikwanira. Nyowetsani matope, dikirani kuti afewe, ndi kuwacotsa ndi kamtengo kapena ndi dzanja, osati ndi citsulo. Pitani ndi zala kuseri kwa mlomo wa madigadi, pakuti pamenepo pali kamphako kamene kasunga dothi lodzala manja. Pano ndinene mau amodzi olimba: musalowe pansi pa galimoto imene yakwezedwa ndi jeke yekha, kapena yosanjikidwa pa njerwa. Jeke aterereka, njerwa ziphwanyika. Ikani zitsa zolimba, tsekerani matayala ndi miyala, kapena imikani galimoto pamwamba pa dzenje lokumbidwira nchitoyo. Inu amene simulowa pansi pa mwala wosacirikiza ku mgodi, musacite ku nyumba cimene mukana ku nchito.

Pansi pa citseko ciri conse pali tiziboo toturutsa madzi a mvula amene alowa m'mbali mwa galasi. Pfumbi likatseka tiziboo timeneti, citseko cisanduka mtsuko, ndipo ciola kuyambira m'munsi. Tsegulani ndi kamtengo kakang'ono. Citani comweco pa ngalande ya pansi pa galasi la kutsogolo, pamene masamba aunjikana, pakuti ikatsekeka madzi asefukira m'kati mwa galimoto. Tukulani makapeti ndi kukhudza pansi pace. Mukapeza cinyezi, aturutseni pa dzuwa, ndi kufuna-funa kumene madziwo alowera.

Pamenepo ndipo mufike ku thupi. Tsukani m'mamawa kapena madzulo, pa mthunzi, citsulo cikali cozizira, pakuti pa dzuwa sopo aumira pa penti, ndipo madzi a pa mjigo asiya mawanga oyera. Yambani ndi kuthira madzi okha kuti pfumbi litsike. Anthu ambiri aononga penti wao ndi manja ao omwe, popukuta pfumbi louma ndi nsanza m'mawa uli wonse. Pfumbi lathu ndi mcenga wosalala, ndipo nsanza youma iukhulitsa pa penti monga mayi akwecera mphika. Mizere yozungulira imene muiona pa galimoto yakuda dzuwa likawala icokera pamenepo.

Tengani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera. Mukatsuka mbali imodzi, tsukuluzani nsalu m'madzi oyera musanaibwezere ku sopo, kuti mcenga utsalire m'ndowa yaciwiri. Yambani pa denga ndi kutsika, pakuti dothi lambiri liri m'munsi, ndipo matayala akhale ndi nsanza yao-yao. Nsalu ikagwa pansi, musaibwezerenso pa penti musanaicape. Nsalu yabwino ndi ija aicha microfibre, koma sikipa yakale ya thonje ya pa salaula igwira nchito, mukacotsa mabatani ndi misoko youma. Cinkhupule cisiyireni ku bafa.

Za sopo ndinenepo pang'ono. Sopo wa ufa wocapira zobvala, ndi uja wotsukira mbale, anapangidwa kuti acotse mafuta, ndipo acotsanso phula limene munapaka, nasiya penti wamaliseche. Sopo wa galimoto ndi wofatsa, ndipo kabotolo kamodzi kakhala miyezi, pakuti muthira pang'ono pokha. Mukasowa, madzi okha aposa sopo waukali. Mukatha, tsukuluzani ndi kuumitsa ndi nsalu yoyera, ndipo yendetsani galimoto pang'ono mukuponda mabuleki, kuti nawonso aume.

Zitosi za mbalame ndi za mileme, utomoni wa mango, ndi inswa zophwanyikira kutsogolo usiku wa mvula, musazilole kugona pa penti, cifukwa zimuocha m'masiku owerengeka dzuwa likatentha. Ikani nsalu yonyowa pamwamba pace kufikira zitafewa, osapala ndi cikhadabo. Madontho a tara acoka ndi parafini pang'ono, koma tsukanipo ndi sopo pambuyo pace. Mafuta a mabuleki akatayikira pa penti, thirani madzi nthawi yomweyo, pakuti adya penti msanga.

Ndipo ndipempha kuti tileke kutsukira magalimoto m'mitsinje ndi m'madamu. Madziwo ali ndi mcenga, ndipo munthu woima m'menemo maola awiri angatengemo likodzo. Koposa apo, oilo ndi sopo zipita kumene ng'ombe zimwa ndi kumene amai atunga. Ndowa zitatu za malita 20 zikwanira galimoto yaing'ono. Tungani, nimukatsukire pa udzu, kutali ndi citsime.

PHULA

Penti wa galimoto za masiku ano ali ndi muyalo woonekera ngati galasi pamwamba pa mtundu wace. Dzuwa lathu ndi laukali, ndipo muyalo umenewu ukapsa uyamba kutuwa, nusupuka monga khungu la njoka, makamaka pa denga ndi pa boneti. Ukafika pamenepo palibe mankhwala ena koma kupentanso. Phula ndi cobvala copyapyala cimene cilandira dzuwa, pfumbi ndi zitosi m'malo mwa penti, ndipo licititsa madzi kuterereka osakhalitsa.

Anthu ena asokoneza polishi ndi phula. Polishi wa galimoto ali ndi timcenga tosalala kwambiri, ndipo nchito yace ndi kupala penti wakufa kuti wamoyo aoneke. Ndiye kuti nthawi iri yonse mupaka polishi, penti wanu acepa. Mugwiritseni nchito kamodzi pa caka, kapena pokha-pokha penti atasuluka. Phula silicotsa kanthu, liwonjezera. Phula labwino la m'citini lipangidwa ndi carnauba, amene acokera ku masamba a mtengo wonga mgwalangwa wa kumpoto ca kum'mawa kwa Brazil. Ndi lolimba, ndipo silisungunuka kufikira kutentha kutapitirira madigiri 80. Phula la njuci lisungunuka pa madigiri 62 kufikira 64, ndipo denga la galimoto yakuda pa dzuwa la Okutobala lingathe kutentha koposa pamenepo. Cifukwa cace phula la njuci, ndi polishi wa pansi pa nyumba amene ena apaka pofuna kusunga ndalama, zifewa ndi kugwira pfumbi. Aliponso mankhwala ena opangidwa m'mafakitale amene akhalitsa koposa carnauba, ngakhale ena ati kuwala kwace sikufikapo. Kwa ife a m'miseu ya pfumbi, kukhalitsa ndiko kofunika.

Kapakidwe kace nkosabvuta, koma kafuna kudekha. Galimoto ikhale yoyera, youma ndi yozizira. Tengani phula pang'ono pa kansalu, pakani mopyapyala pa mbali imodzi, monga citseko cimodzi, ndi kudikira kuti lituwe. Pitani ndi cala; cikasiya mzere woyera wosanona, lauma, ndipo pukutani ndi nsalu ina yofewa. Kupaka lambiri sikuwonjezera mphamvu, kungotopetsa mkono. Musapake pa galasi la kutsogolo kapena pa mapulasitiki akuda, pakuti lisiyapo zoyera zosacoka msanga. Tsegulani zitseko ndi kupakanso m'mphepete mwace ndi pa ziundo, pamene mapazi aponda polowa. Pofuna kudziwa ngati phula likalipo, thirani madzi pa boneti: akaunjikana timadontho tozungulira monga pa tsamba la koko, likalipo, akayalika pyapyapya, latha. Kwathu kuno ine nditi pakani mu Okutobala mvula isanagwe, mu Januwale pakati pa dzinja, ndi mu Meyi mvula italeka.

PAMENE DZIMBIRI LAYAMBA KALE

Phula silicizanso bala, lingoletsa. Mukapeza pamene mwala unagamula penti, citsulo ciri poyera koma cisanafiire, tsukanipo, umitsani, ndi kudonthezapo penti ndi nsonga ya kamtengo ka macesi. Ndi nchito ya kanthawi kocepa, koma ipulumutsa citseko conse.

Pamene pafiira kale, palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepa kufikira citsulo coyera cioneka, ndi kupitirira pang'ono m'mbali mwace, pakuti dzimbiri liyenda pansi pa penti. Mangani nsalu pa mphuno, ndipo chinjirizani maso. M'tiziboo m'mene sandipepa safika, pakani mankhwala aja agulitsidwa m'masitolo a zitsulo, amene asandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda ndi lolimba. Pambuyo pace pakani penti woyamba, monga red oxide kapena wina wokhala ndi zinki, tsiku lomwelo, cifukwa citsulo copalidwa cikagona panja usiku umodzi mame ayambanso nchito. Penti woyambayo asakhale yekha. Amwa cinyezi, ndipo afuna penti wina pamwamba pace. Colakwa cacikulu cimene ndiciona ndi kupaka penti wakuda wa tara pamwamba pa dzimbiri ndi matope. Kutero ndi kufunditsa ciswe bulangeti. Kunja kuoneka bwino, m'kati ciri kudya mosasokonezedwa.

Koma pali malire a nchito ya pa khomo. Ngati dzimbiri laboola shasi, kapena pamene masipuling'i agwira, kapena pamene lamba wa mpando amangirira, pitani kwa woocherera wodziwa, adule cobvundaco ndi kuikapo citsulo catsopano. Musalole munthu kutseka ciboo cotere ndi phala lija amata nalo thupi la galimoto. Mwina cingapulumuke pa maso a oyesa magalimoto a RTSA, koma sicidzapulumuka pa mapiri a ku Luangwa muli ndi ana kumbuyo. Paipi ya mabuleki yodyeka nayo siipakidwa kanthu, isinthidwa.

M'kati mwa zitseko, m'ziundo ndi m'shasi, m'mene bulashi siifika, mufunika phula lamadzi-madzi lopopera, limene liyenda lokha m'misoko ya citsulo ndipo siliuma gwa. Lina lipangidwa ndi mafuta a ubweya wa nkhosa. Poperani m'cirimwe, mu Seputembala kapena Okutobala, m'kati muli mouma ndithu, ndipo samalani kuti lisafike pa mabuleki kapena pa paipi ya utsi, ndi kuti tiziboo ta madzi tija tisatsekeke. Ndidziwa kuti ambiri apaka oilo wakuda wocoka mu injini, popeza sagulidwa. Sindikana kuti aletsa dzimbiri pang'ono. Koma afewetsa mphira za pansi pa galimoto, agwira pfumbi, adontha pa bwalo pamene ana asewera, ndipo madotolo acenjeza kuti oilo wotere akakhudza khungu kawiri-kawiri angadzetse khansa. Mukasowa phula lopopera, girizi woyera pa mabauti ndi pa misoko ya shasi ndi wabwino koposa.

Mau otsiriza ndi a inu amene musiya galimoto ku mudzi pobwerera ku mgodi. Musaisiye pa udzu wautali kapena pa dothi lonyowa, pakuti cinyezi cikwera kucokera pansi usiku uli wonse. Musaifunditse pulasitiki yofika pansi. Isunga thukuta, ndipo mphepo ikamaigwedeza ikhula penti. Cisakasa ca udzu kapena ca malata, cotseguka m'mbali, pansi pace pothira miyala, ndico coyenera, ndipo cikhale kutali ndi khola ndi kumene musunga feteleza. Itsukeni kunsi musanacoke, cotsani makapeti, masulani waya wa batire, tsekerani matayala ndi miyala m'malo mokoka handibuleki imene ingagwirane ndi dzimbiri, ndipo musasiyemo ndi njere imodzi ya cimanga, cifukwa makoswe akalowa adya ndi mawaya omwe. Mbale wanu wodziwa kuyendetsa aiturutse kawiri pa mwezi, pa tsiku lopanda mvula, afike nayo ngakhale pa Katete boma ndi kubwerera, kuti injini itenthe ndi mphepo iumitse kunsi.